Maso Obwereka M'chipinda cha Seva

A Mawaya anagwira ntchito pa depo ina ya mankhwala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo dzina lawo lenileni linatsala m'mafayilo mokha. Lakuti Mawayali anawapatsa ndi madalaivala, chaka chomwe depoyo inkayamba kugwiritsa ntchito makompyuta. Masiku amenewo ankalowa kudenga m'mawa n'kutsikako masana, fumbi lili mbuu, chingwe chitazungulira m'khosi. Zingwe zonse za m'nyumbayo anayala ndi iwo, ndipo ankadziwa pomwe chilichonse chinadutsa.

Ntchito ya depoyo inali kulandira mankhwala ndi katemera n'kumagawa ku zipatala zing'onozing'ono makumi anayi. Kuti lole ituluke pageti pankafunika pepala losonyeza bokosi lililonse, nambala yake ndi komwe likupita. Pepalalo linkachokera m'kompyuta, ndipo palibe kompyuta pamalopo yomwe inkatseguka popanda chilolezo cha makina amodzi okhala m'kachipinda ka pansi pa masitepe. Makinawo ankawatcha seva. Ndi yomwe inkasunga kaundula wa mayina a ogwira ntchito onse ndi mapasiwedi awo, n'kumanena kuti uyu alowe, uyu ayi. A Mawaya ankakonda kuuza anthu kuti sevayo ndi mlonda: ikadwala, ngakhale abwana amaima panja.

Chomwe sankauza munthu chinali cha maso awo. Vutolo linayamba chaka ndi theka m'mbuyomo, ngati kautsi m'mphepete mwa zinthu. Anagula magalasi owerengera. Atasiya kuthandiza anagula ena amphamvu, kenako anayamba kuvala onse awiri, ena pamwamba pa anzake, chitseko atakhoma. Pa kompyuta yawo anakulitsa zilembo mpaka mawu anayi okha ankadzaza sikirini, ndipo desiki anaitembenuza kuti wolowa aziona nkhope yawo, osati zomwe akuwerenga. Akaitanidwa pa desiki ya munthu ankaima kumbuyo, manja m'thumba, n'kunena kuti, "Werengani nokha zomwe yalembazo. Mudzaphunzira liti?" Anthu ankangoti a Mawaya akukalamba ndi ukali.

Kunyumba kokha n'komwe bodzalo silinkagwira. Akazi awo anawaona tsiku lina akuthira tiyi pambali pa kapu, tsiku lina akupereka moni kwa mgolo wa madzi poganiza kuti ndi aneba.

"Bambo, shuga wanuyu wafika m'maso. Tiyeni kuchipatala."

"Ndi kutopa chabe, mayi. Mwezi wamawa, ntchito ikachepa."

Mwezi wamawawo unabwera n'kupita kambirimbiri. Kunena zoona ankaopa. Kunatsala zaka ziwiri kuti apume pantchito, ndipo ankafuna kudzatuluka pageti paja akuyenda okha, osati atagwiridwa dzanja, anthu akunong'onezana kuti wa makompyuta uja anachita khungu.

Lachiwiri lina m'mawa, seveni koloko itangodutsa, lole ya mchenga inagunda mtengo wa magetsi kumsewu waukulu. Magetsi anathima, anabwera, anathimanso, n'kubweranso mwamphamvu kamphindi, kenako zii. Jenereta ya depo inatsokomola kawiri isanalire. A Mawaya anali akupachika jekete pamsomali ndipo sanade nkhawa. Pansi pa seva panali bokosi la mabatire, lomwe ntchito yake inali yomweyo, kuigwiriziza mpaka jenereta itadzuka.

Koma foni ya pa desiki inayamba kulira. Wa kusitolo yosungira mankhwala, wa kogawa katundu, mlembi wa abwana, onse mawu amodzimodzi: kompyuta ikukana pasiwedi.

Kachipinda ka seva kanali kopapatiza, denga lake lopendekeka chifukwa cha masitepe, moti munthu ankalowamo chowerama. Mmawa umenewo munkanunkha pulasitiki yotentha. Sikirini ya sevayo inali yakale, yaing'ono, yosakulitsika zilembo, ndipo a Mawaya anaipeza itasanduka ya buluu, yodzaza tizilembo toyera ngati nyerere. Asanaiyandikire inathima yokha. Seva inayambanso kudzuka, inafika pomwe paja, buluu uja, n'kuthimanso. Anatulutsa foni ya m'thumba kuti ajambule n'kukulitsa chithunzicho. Choyamba chinatuluka choyera mbee. Chachiwiri chinatuluka chosaoneka bwino. Chachitatu chinagwira mizere iwiri yokha, yokwanira kuwauza zomwe mtima unali utadziwa kale: magetsi anathima seva ili mkati molemba m'kaundula uja, ndipo kaundulayo anawonongeka.

Atatuluka anapeza abwana ataima m'khonde. Anali mayi wachichepere poyerekeza ndi iwo, wolankhula mwachidule, yemwe anali asanathe chaka pamalopo. Kumbuyo kwawo kunali dalaivala wamkulu, chipewa chili m'manja.

"A Mawaya, zili bwanji?"

"Mlonda wakomoka, bwana. Koma bakapu tili nayo. Ndimubwezeretsa mmene analili."

"Maola angati?"

"Awiri. Zikavuta, atatu."

Dalaivala wamkulu anapukusa mutu. "Malole asanu aima panjapa, bwana. Katemera tinalongedza sikisi koloko, ndipo madzi oundana aja sadziwa za seva. Ikakwana leveni tisanatuluke, katemera wa m'lole yopita kutali ija tidzayenera kutsitsa."

"Sitingalembe pamanja?"

"Tilemba chiyani? Maoda a zipatala zonse atsekeredwa mkatimo. Sitikudziwa bokosi liti lipita kuti."

Abwana anatembenukira kwa a Mawaya. "Mukufuna chiyani kwa ine?"

"Kiyi wa sefa."

Pa zinthu zonse zomwe a Mawaya ankachita, iyi yokha sanaiphonyepo. Usiku uliwonse seva inkadzikopera yokha pa disiki yokula ngati kabuku ka m'thumba, ndipo imeneyo ndiyo inali bakapu. Madisikiwo analipo awiri, ndipo Lachisanu lililonse masana ankawasinthanitsa: imodzi pa seva, ina m'sefa ya abwana. M'sefa momwemo munali emvulopu yomata, ndipo mkati mwake pasiwedi yapadera yolowera ku seva cha kukhomo la kumbuyo, kaundula akadwala. Anailemba okha ndi cholembera zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, maso akadali maso.

Anabwerera m'kachipinda kaja, anakankha chitseko, n'kuvala magalasi awiri aja. Zoyambirira anachita ndi mutu: anadikira seva ikudzuka, anadina batani loyenera, anawerenga mizere yotsikira pansi ndi chala, n'kufika pomwe pankafunika pasiwedi. Anang'amba emvulopu. Papepalapo panali kamzere kamodzi ka inki, kosalongosoka ngati ulusi wonyowa. Analiyandikitsa kumphuno, analitalikitsa, analipendeketsa kunyali. Analemba zomwe anaganiza kuti aona. Seva inakana. Anajambula pepalalo ndi foni n'kukulitsa, koma chithunzi chikamakula utsi unkakulira limodzi. Analembanso. Inakananso.

Anakhala pansi pa kampando kachitsulo, thukuta likutsikira m'khosi ngakhale munkazizira. Njira yonse yokonzera sevayo inali m'mutu mwawo, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ankangosowa woti awauze zomwe zalembedwa patsogolo pawo.

"Odi, a Mawaya."

Anali Mayi Ndayiwala a kumafayilo. Mayiwa anali a msinkhu womwewo, anayamba ntchito nthawi ya mapepala, ndipo fayilo iliyonse ya m'depoyo ankaidziwa ndi nambala yake pamtima. Koma pasiwedi inkawathawa ngati sopo wonyowa. Pafupifupi Lolemba lililonse ankafika pa desiki ya a Mawaya atagwira manja kutsogolo, n'kunena mawu omwe anasanduka dzina lawo. Amene anawapatsa dzinalo anali a Mawaya omwewo, ndipo tsiku lina anawazazira pagulu, kuti ngakhale nkhuku imakumbukira khola lake. Anthu anaseka. Mayiwo sanaseke.

Sanadikire kuyankhidwa, anakankha chitseko. "Pepani, ndayiwalanso. Ndalemba katatu konse, koma…"

Anaima. A Mawaya anali atatsala pang'ono kugunditsa mphuno pa sikirini, magalasi awiri ali pankhope, pepala lili m'dzanja. Anavula magalasiwo msanga, koma anali atachedwa.

"Si inu, mayi. Lero aliyense wayiwala. Pitani mukakhale."

Mayi Ndayiwala anatseka chitseko, iwo ali mkati.

"Ndipatseni pepalalo."

"Izi si za kumafayilo."

"Ndipatseni, bambo. Miyezi isanu ndi umodzi tsopano ndimakuikirani chala pomwe musaine. Munkayesa ndi chikondi?"

A Mawaya anakumbukira chala chija, chikhadabo chake chodulidwa bwino, chikugogoda pamzere nthawi iliyonse akabwera ndi fomu. Iwo ankangoti ndi khalidwe la anthu a kumafayilo.

"Mwauza ndani?"

"Ine? Paja ndine Ndayiwala."

Anapereka pepala lija osayang'ana kumaso. Mayiwo anakoka katoni ya mapepala n'kukhalapo, anavala magalasi awo omwe ankalendewera pa kachingwe, n'kuyamba kuwerenga mmene ankawerengera manambala a mafayilo, chilembo chimodzichimodzi.

"K wamkulu. Seveni. Kenako ziro, osati O, mwamudula pakati. Kenako m wamng'ono. Koma zolemba zanu, bambo! Munkathamangitsidwa ndi galu?"

Zala za a Mawaya sizinkafuna maso, zinkaidziwa kiyibodi. Atadina komaliza, sikirini inasintha mtundu.

"Yatseguka," anatero mayiwo.

Anayamba ndi disiki yomwe inali pa seva, popeza ndiyo inali ndi bakapu ya dzulo lake. Mayi Ndayiwala anawerenga uthenga womwe unabwera, m'Chingerezi chawo chapang'onopang'ono, kenako anaubwereza kuti asalakwitse. Disikiyo sinkawerengeka. Magetsi obwera mwamphamvu aja anali atailuma nayonso. A Mawaya anaizula, anapapasa kumbuyo kwa seva n'kulumikiza ya m'sefa ija.

"Ikuoneka?"

"Dikirani. Eya, kwabwera mndandanda wa masiku. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi la sabata yatha. Pathera pomwepo."

"La Lachinayilo. Werenganinso deti lake."

Anawerenganso. Anapitirira choncho, wina akunena choyenera kuchitika, wina akunena chomwe chalembedwa. Mayiwo sankadziwa tanthauzo la theka la mawu omwe ankawerenga, koma sankadumpha kadontho. Pena a Mawaya anafulumira, chala chili kale pa batani, poganiza kuti akudziwa funso lomwe labwera.

"Chotsani chalacho. Apa pali ziwiri. Ina ikuti kubwezeretsa zonse, ina ikuti kaundula ndi za m'kati mwa makina zokha. Yomwe yadetsedwa ndi yoyambayo."

A Mawaya anachotsa chala msanga. Akanadina, akanafafaniza maoda onse a masiku anayi apitawo, omwe malole aja ankadikira.

"Yachiwiriyo, mayi. Zikomo."

"Mwati chiyani?"

"Ndati zikomo."

"Ndinamva. Ndimafuna ndimvenso."

Kenako panalibenso chochita koma kudikira. Pa sikirini panabwera kamzere kodzaza pang'onopang'ono, ndipo mayiwo ankanena nambala yake ikasintha: seveni, leveni, sikisitini. Panja malole ankalira n'kuzimitsidwa. Wina anagogoda n'kufunsa ngati zatheka, a Mawaya n'kuyankha kuti ayi, osatsegula.

Mayi Ndayiwala ankayang'ana uku ndi uku m'kachipindamo, poti kanali koyamba kulowamo. Maso awo anaima pa bokosi la mabatire lija.

"Kanyali kachikasuka n'kachiyani?"

"N'kobiriwira. Kamasonyeza kuti zonse zili bwino."

"N'kachikasu, bambo. Ndipo pambali pake pali timawu. Akuti sinthani mabatire."

Mmawa uliwonse a Mawaya ankasuzumira m'kachipindamo, ankaona kakuwala pansi apo, n'kutseka chitseko mtima uli m'malo. Kanyaliko kanasintha liti, sakanadziwa. Mwina mwezi wapitawo, mwina isanu. Lole ya mchenga inagunda mtengo, inde, koma amene anagwetsa seva anali iwo.

"Ndiye kuti ndapha ndine," anatero chapansipansi.

Mayiwo sanawatsutse. Anapukuta magalasi awo ndi m'mphepete mwa bulauzi, n'kunena kuti, "Bambo anga anali telala. Maso atayamba kuwavuta sanauze munthu. Ankatituma ife ana kulowetsa ulusi m'singano, amvekere akutiphunzitsa ntchito. Tsiku lina anasokera munthu suti ya ukwati, thumba lili kumsana. Anthu anaseka tauni yonse, ndipo iwo anatseka shopu osatsegulanso. Anakhala pakhonde zaka zisanu ndi zinayi. Atamwalira m'pamene mchimwene wanga anapeza kapepala ka kuchipatala m'baibulo mwawo. Inali ng'ala chabe. Anawapatsa tsiku loti akachotsedwe, iwo n'kuopa mpeni."

"Zanga ndi za shuga."

"Anakuuzani ndi dokotala uti?"

A Mawaya anangokanda kumutu.

"Sikisite-foro," anatero mayiwo, atayang'ananso pa sikirini.

Itadutsa teni koloko, kamzere kanadzaza. Seva inathima n'kuyambanso kudzuka. A Mawaya anatsinzina, akumvetsera kulira kwa mafani ake, kudikira kuti mayiwo anene kuti buluu uja wabweranso. M'malo mwake anamva akuti, "Kwabwera chithunzi ngati cha pa kompyuta yanga, chofunsa dzina." A Mawaya anaimbira wa kusitolo kuti ayese.

"Ikukanabe, a Mawaya."

"Mwalemba bwino?"

"Katatu. Mnzanganso apa ikukana."

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, abwana n'kusuzumira. Anayang'ana a Mawaya, anayang'ana mayi okhala pa katoni aja.

"Mayi, inu mukutani muno?"

"Ndikuphunzira, bwana."

"Yakwana teni twente, a Mawaya."

"Yadzuka, bwana. Kwatsala kanthu kamodzi."

Kanthu kamodziko sankakadziwa. Abwana atachoka anauza mayiwo kuti atsegule apa, awerenge apo. Kaundula analipo, mayina onse ali m'malo mwake. Zingwe zinali bwino. Zonse zinkati zili bwino, koma mlonda ankabweza aliyense pakhomo. A Mawaya mutu unaima. Anayamba kuganiza kuti mwina bakapu nayonso inali yodwala, ndipo akanayenera kulemba mayina a anthu makumi asanu ndi atatu kuyambira pachiyambi, ntchito ya masiku awiri kwa munthu woona.

"Kodi lero ndi pa chiyani?" anafunsa Mayi Ndayiwala.

"Mayi, si nthawi yake ino."

"Ndikufunsa chifukwa pakona apa palembedwa 1 Januwale. Ndipo chaka chake ndi chomwe mwana wanga woyamba anakwatiwa. Pano ali ndi ana atatu."

A Mawaya anadzimenya pachipumi mpaka magalasi akumwamba anagwa. M'kati mwa seva muli kabatire kangati batani la malaya, kosunga nthawi magetsi akathima, ndipo nako kanali katatha. Seva inadzuka ikuyesa kuti ndi zaka zakale. Ndipo mlonda ameneyu ali ndi lamulo lake: kompyuta yomwe wotchi yake yasiyana ndi yake saikhulupirira, ngakhale ibwere ndi pasiwedi yolondola.

"Mwaiona bwanji?"

"Ntchito yanga ndi kudinda deti pa makalata, bambo. Diso limapita lokha."

Anakonza deti ndi nthawi, mayiwo akuwerenga pa wotchi yawo ya padzanja. Sipanathe mphindi ziwiri, kusitolo kunamveka mfuu, kenako kulira kwa pulinta yaikulu ija.

Koma sizinathere pomwepo. Kaundula anabwerera mmene analili Lachinayi, ndiye zonse zomwe zinasintha mmenemo pambuyo pake seva sinkazidziwa. Kalaliki wa kogawa katundu anali atasintha pasiwedi Lolemba, ndipo anafunika kukumbukira yakale, yomwe anali ataitaya kale m'mutu. Atsikana awiri omwe anayamba ntchito sabata imeneyo seva inati siikuwadziwa. A Mawaya anakonza zimenezi pa desiki yawo, pa zilembo zawo zazikulu zija, Mayi Ndayiwala ataima pakhomo kuletsa anthu kulowa, amvekere, "Mmodzimmodzi, muziima pomwepo." Mapepala anatuluka, makatoni anayamba kukwera, koma kulongedza malole asanu si ntchito ya mphindi khumi.

Anayi anatuluka twelofu isanakwane. Yachisanu, ya kutali ija, dalaivala wamkulu anatsegula bokosi limodzi, anagwira madzi oundana aja, n'kupukusa mutu. Katemera anabwerera m'chipinda chozizira. A Mawaya akudutsa m'khonde anamva abwana ali pa foni ndi namwino wa chipatala chimenecho, akupepesa. Amayi makumi atatu ndi mphambu anali atafika ndi makanda awo kuyambira m'mawa, ena atayenda maola awiri, ndipo anafunika kuuzidwa kuti abwerenso mawa.

Masana anthu ankawagwira dzanja a Mawaya m'khonde. Dalaivala wina anati a Mawaya akanakhala m'busa, akanadzutsa akufa. Iwo ankangomwetulira ndi mano okha. Chakudya chomwe akazi awo anawalongedzera sanachitsegule. Itakwana fili koloko anapita kumafayilo.

"Ndikupita kwa abwana."

"Ine sindinakutumeni," anatero Mayi Ndayiwala, osasiya kudinda makalata.

"Ndikudziwa. Ndimati mwina mungandiperekeze. Pali zina zomwe munaona ndinu."

Mu ofesi ya abwana anakana mpando. Anatulutsa magalasi awiri aja n'kuwaika patebulo, ndipo anafotokoza zonse: utsi, zilembo zazikulu, kanyali kachikasu, ndi yemwe anawerenga sikirini mmawa umenewo. Ananena mosazungulira, maso ali pakhoma, poti nkhope ya abwana sankaiona bwino ndi kale.

Abwana anayang'ana magalasi awiri aja.

"Chaka ndi theka," anatero kenako. "Mabatire ndikanasintha tsiku lomwelo mukanandiuza. Amayi aja ayenda ulendo wachabe lero, ndipo mawa ayendanso. Mukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Kalata yochenjeza mulandira, sindingachitire mwina. Ndipo kuyambira mawa sindikufuna kukuonani pano mpaka mutabwera ndi pepala la dokotala wa maso." Kenako mawu awo anafewa. "Disiki ya m'sefa ija ikanapanda kukhalapo, bwenzi tikulankhula zina. Zimenezonso ndizilemba. Muli ndi wokuperekezani kuchipatala?"

"Mayi akunyumba. Akhala akudikira tsiku limeneli ngati ukwati."

Akazi awo atamva madzulo amenewo sananene kuti ndinkakuuzani. Anangotulutsa kabuku ka kuchipatala m'kabati, n'kukaika m'chikwama, n'kufunsa kuti basi yoyamba imadutsa nthawi yanji.

Dokotala anapeza zinthu ziwiri. M'maso onse munali ng'ala, yochotseka. Koma diso lamanzere shuga anali atalidya kumbuyo, ndipo dokotalayo ananena mosabisa kuti akanabwera chaka chatha, bwenzi atalipulumutsa lonse. A Mawaya anamva mawuwo atagwira chipewa pamaondo, akazi awo atagwira mkono wawo. Opaleshoni ya diso lamanja inatenga nthawi yochepa kuposa kudikira kamzere kaja kudzaza.

Anakhala kunyumba masabata asanu. Mkati mwa nthawiyo depo inabwereka katswiri wina, mabatire anasinthidwa, ndipo abwana analamula kuti pagulidwe seva yachiwiri yoti izisunga kaundula yemweyo, ina ikadwala inzake izigwira. Analamulanso kuti m'kachipinda kaja muzilowa anthu awiri mmawa uliwonse, wina kuona, wina kusaina m'buku. Atafunsa yemwe angadzipereke, dzanja lomwe linakwera linali la kumafayilo.

Tsiku lobwerera kuntchito a Mawaya anadzuka molawirira. Dziko linali lakuthwa mpaka kuwawa: ming'alu ya pakhoma, nyerere pawindo, imvi zomwe sankadziwa kuti akazi awo ali nazo. Anatsegula kabati kufuna malaya awo otuwa omwe ankawakonda, omwe ankavala pa misonkhano yonse ya akuluakulu. Anafunafuna osawapeza.

"Mayi, malaya anga otuwa aja ali kuti?"

"Ndi omwe mwagwirawo."

Anayang'ana m'dzanja. Malayawo anali a pinki, pinki wowala, wokhala ndi timaluwa ting'onoting'ono.

"Anandigulira ndani amenewa?"

"Munasankha nokha, bambo. Ndinayesa kukuuzani m'sitolo momwemo, inu mumvekere mumadziwa zomwe mukufuna."

"Chaka chonse? Pamaso pa madalaivala?"

"Amakukhalani," anatero akazi awo, akubisa pakamwa ndi dzanja. "Valani, basi ikusiyani."